Kagalasi ka Madzi Obiriwira

Achimwene anabwera kumudzi chaka chimene masukulu anatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona. Ine ndimaphunzitsa pa pulaimale ina kufupi ndi Chinakanaka, ndipo miyezi imeneyo ndinkangokhala pakhomo ndi amayi, kusenda nandolo ndi kumvera wailesi. Achimwenewo anatsika pa njinga ya kabaza masana ena, chikwama chimodzi kumsana, atada kuposa mmene ndinkawadziwira, tsitsi litafiirira kunsonga. Amayi anawagwira mutu n'kufunsa ngati akudwala. Iwo anaseka, amvekere ndi mchere wa m'nyanja.

Ankagwira ntchito ku Mozambique, kugombe la nyanja yamchere, pa malo ena ogona alendo. Ntchito yawo inali kuperekeza alendowo pansi pa nyanja, aliyense atabereka botolo la mpweya, ndi kuwajambula vidiyo ali pakati pa nsomba kuti akawonetse anzawo kwawo. Mliri utafika alendo anasiya kubwera, mabwato anakokeredwa kumtunda, antchito anauzidwa kuti ayambe apita kwawo. Anali atatha zaka zambiri osaponda kuno. Anabweretsera amayi kapulana, chitenje cha kumeneko, ine nsapato zimene zinandithina.

Masiku oyamba anali a phwando. Anakonza mpanda wa bafa, anawaza nkhuni zimene zikanatikwanira mpaka dzinja, anayendera abale onse mpaka ku Limbuli. Ntchito zitatha anayamba kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala, foni m'manja, akuwonera mavidiyo awo. Ndinkadutsa kumbuyo kwawo ndi ndowa n'kusuzumira. Munali madzi a buluu okhaokha, nsomba zachikasu zikuyenda mwa chigulu. Ukawalankhula ankayankha mochedwa, ngati munthu amene wamudzutsa.

Tsiku lina anandifunsa osadzutsa mutu:

"Kodi dziwe lija likadalipo?"

Ndinadziwa limene ankanena. Abambo athu, amene ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ankatitenga Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi kupita kumtunda kwa Likhubula. Sitinkapita ku dziwe lotchuka lija kumene alendo amajambulitsako. Lathu linali lina, lobisika pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, lakuya moti abambo akabira tinkatopa kuwadikira. Ndi kumeneko kumene anatiphunzitsa kusambira, achimwene poyamba, ine pambuyo, ngakhale anthu ankati mwana wamkazi alibe nazo ntchito. Abambo atamwalira, ine ndili ku sekondale, sindinapitekonso.

Amayi sanapiteko ngakhale kamodzi. Iwo ndi mtsinje sagwirizana. Zovala amachapira pa mjigo, ndipo minibasi ikamawoloka mlatho amayang'ana m'manja mwawo. Anabwera ku Malawi nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anawoloka Ruo m'nyengo ya mvula, achimwene ali khanda kumsana. Nkhaniyo sanatiuzepo okha. Zochepa zimene tinkadziwa tinazimva kwa azakhali: kuti mfuti zinkalira kumbuyo, kuti anthu analowa m'madzi osadikira bwato, ndi kuti mayi wina amene anagwirana naye dzanja polowa sanafike tsidya lino.

Choncho m'mawa umene tinanyamuka ulendo wa kudziwe, amayi anangoti, "Mwakula, sindingakumangeni miyendo," n'kulowa m'nyumba.

Tinakwera minibasi mpaka pa Chitakale, kenako kabaza, kenako wapansi. Munali mu June, mphepo ya m'phiri ikuluma m'makutu. Panjira tinkapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo. Dziwe tinalipeza monga tinalisiyira, kupatula mtengo umodzi umene unagwera chakumunsi. Achimwene anatulutsa magalasi awiri ovala kumaso posambira, n'kundipatsa amodzi.

"Lavuliramo, upake ndi chala, utsukuluze."

"Malovu?"

"Apo ayi achita nkhungu. Azungu nawonso amalavulira, usadandaule aphunzitsi."

Ndinavula chitenje n'kutsala ndi kabudula wa netiboli ndi malaya. Madzi anali ozizira mpaka mano kuwawa. Koma nditamiza nkhope ndinaiwala kuzizirako. Ndili mwana ndinkatsegula maso m'madzi n'kumangowona chimbuuzi. Tsiku limenelo zonse zinali mbee: miyala yobulungira ngati maungu itasanjikizana pansi, nkhanu ikuyenda chammbali, tinsomba titaima poyang'ana kumene madzi akuchokera, kuwala kwa dzuwa kukulendewera ngati zingwe. Ndipo zonsezo zinali zobiriwira pang'ono, monga mmene zinthu zimawonekera ukayang'anira m'botolo lobiriwira.

Titatuluka n'kukhala pa mwala kuwothera dzuwa, achimwene anatulutsa tomato m'thumba. Ndinkayesa ndi wodyera chinangwa chimene tinatenga.

"Ukuwona mtundu wakewu? Tsopano unditsatire."

Tinabira limodzi, iwo atatambasula dzanja ndi tomatoyo. Pamwamba anali wofiira psuu. Titatsika pang'ono anayamba kuzilala. Pamene makutu anga anayamba kuwawa, tomato uja anali wa bulauni, ngati wowola. Ine mpweya unandithera n'kubwerera. Iwo anafika pansi penipeni, ndipo atatuluka anati kumeneko anali atatsala pang'ono kuda.

"Madzi amadya mitundu," anatero akupuma mwa wefuwefu. "Amayamba ndi wofiira. Ukatsikabe amadya wachikasu. Kunyanja ukapita pansi kwambiri kumatsala buluu yekha. Mlendo akabwera ndi chovala chofiira, mu vidiyo chimatuluka chakuda, ndiye amakwiya, amati kamera yako ndi yakutha."

Kamerayo inali yaing'ono ngati bokosi la machesi, yotsekeredwa m'kabokosi kena kowonekera kosalowa madzi. Kenako anamasula kansalu mmene munali timagalasi titatu ta pulasitiki, tokhala ngati zivindikiro, totsekera kutsogolo kwa kabokosiko. Iwo ankatitchula kuti mafyuluta, ine ndinkangoti timagalasi. Kena kanali kofiira, kena ka olenji kotuwirako, kena ka pinki wopita ku pepo, ngati khungu la mbatata. Anandifotokozera kuti kagalasi sikabweza mtundu umene madzi adya. Kamangochepetsa mtundu umene wachuluka, kuti wochepawo nawo uwoneke.

"Monga m'kalasi," ndinatero. "Ukhalitse chete olongolola kuti umve wamanyazi."

"Ndiye wamva kale."

Kofiira kanali kokalikakalika chifukwa ankakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ka pinki kanali katsopano, kakadali ndi kapepala kake. Anati kanabwera pamodzi ndi tinzake pogula, koma sanakavekepo. Anatenga kofiira kaja osaganiza n'komwe, monga munthu amatengera khasu lake pakati pa makasu ena, n'kukatsekera pa kamera. Anandijambula ndikutsika, ndikuzungulira mwala, ndikukwera. Kawindo ka kamerayo kanali kakang'ono ndipo dzuwa linkathobwa m'maso, choncho sitinawone zimene tajambula mpaka titafika kunyumba.

Tinafika chakumadzulo dzuwa likadalipo. Achimwene analumikiza kamera ku wailesi yanga ya kanema. Amayi anali atanena kuti za kumadzi sakufuna kuzimva, komabe anaima pakhomo ndi lichero la mpunga m'manja.

Chimene chinatuluka sichinali dziwe limene ndinawona. Madzi onse anali ofiira moderako, ngati madzi otsukira nyama. Miyala inali ngati ziwindi. Kenako ndinatulukira ine, ndikutsika pang'onopang'ono chamutu, manja atatambasuka, malaya akuyandama, nkhope yosawoneka.

Amayi anaika lichero pansi. Analankhula mawu ochepa m'Chilomwe, motsitsa, ndipo achimwene anadumpha n'kuzula chingwe kukhoma. Pamene ndinkatembenuka n'kuti amayi atatuluka. Ndinakawapeza kuseri, kumalire a munda, ataima chilili pakati pa chinangwa. Sanalire. Anangondiuza kuti ndikatole mpunga nkhuku zisanathe. Tsiku limenelo sanadye.

Ndinafunsa achimwene chimene amayi ananena.

"Akuti zimitsa, ndinaziwona kale zimenezi."

M'mawa mwake achimwene anakulunga kamera m'malaya n'kuiika pansi pa chikwama. Anabwerera ku mtengo wa mapeyala, koma foni sanaitsegule. Anati analakwitsa ngati mwana woyamba ntchito: kofiira ndi ka madzi a buluu, ndiponso akuya. M'madzi obiriwira osaya ngati athu kamangothira magazi paliponse. Ankazidziwa, koma dzanja linatsogola.

Ndine amene ndinakakamira kuti tibwerere. Chinkandiwawa n'chakuti amayi tsopano ankaganiza kuti pansi pa dziwe la abambo ndi potero. Ine ndinali nditawonako, ndipo kunali kokongola kuposa malo ena alionse amene ndinafikako. Ndinawauza achimwene kuti kaya amayi adzawonera kaya sadzawonera, ine ndikufuna vidiyo imene ikunena zowona. Anakana masiku angapo, kenako m'mawa wina ndinawapeza akupukuta timagalasi tija ndi kansalu.

Kuyambira pamenepo tinkapita pafupipafupi, nyengo yozizira yonse mpaka kutentha kutayamba. Ndinatenga mpango wanga wofiira wa kumutu kuti ukhale muyeso wathu. Tinkaumanga ku mwala waung'ono n'kuutsitsa, n'kuujambula. Tikafika kunyumba tinkatseka chitseko, ine n'kugwira mpangowo pambali pa kanema. Ukafanana ndi wa m'kanemamo, ndiye kuti tapeza.

Tinayamba popanda kagalasi kalikonse. Zonse zinatuluka zobiriwira, khungu langa ngati tsamba la nthochi, mpango ngati dothi. Tinayesa ka olenji, madzi anasanduka tiyi wopanda mkaka. Kenako achimwene anamatula kapepala ka kagalasi ka pinki kaja. Pamwamba penipeni kanawononga, thovu ndi miyala zonse zinali pinki ngati diresi la mwana wa paukwati. Koma kamera itatsika kupitirira msinkhu wa munthu, kubiriwira kuja kunachoka ngati wina wapukuta zenera. Miyala inabwerera kutuwa kwake, ndere zinakhala zobiriwira pamene ziyenera kubiriwira, ndipo mpango unali wofiira, wosafika pa weniweniwo koma wofiira ndithu. Achimwene anaibwereza kangapo.

Kupeza kagalasi sikunali kutha kwa ntchito. Tsiku lina tinajambula bwino kwambiri, nkhanu ziwiri zikulimbana, koma pofika kunyumba chithunzi chonse chinali ndi timadontho. Tinali tithovu ta mpweya totsekeredwa pakati pa kagalasi ndi kabokosi. Ndinaphunzira kukachotsa ndikalowa m'madzi, kukagwedeza, n'kukabwezera ndili momwemo. Ndinaphunziranso kuti kagalasi kalikonse kamadya kuwala, ndipo dziwe lathu, pokhala pakati pa miyala, dzuwa linkalowamo nthawi yochepa chabe, likakhala pamutu. Tikachedwa panjira, chithunzi chinkatuluka chamdima, chodzaza timchenga. Tinkanyamulanso mbale yoyera ya pulasitiki. Ukafika pamene ukufuna kujambula umayamba waiwonetsa kamera mbaleyo, kuti idziwe kuti choyera ndi chiti pa kuya kumeneko. Amayi anaifunafuna mbaleyo sabata yathunthu, ife tili chete.

Masiku ena phiri linkatikaniza. Chiperoni chikagwa tinkangokhala pansi pa thanthwe titafunda zitenje, kumadya chinangwa chophika n'kubwerera. Mvula ikagwa kumtunda, madzi ankabwera a bulauni chifukwa cha masamba owola, ndipo achimwene ankangoyang'ana ali chiimire n'kunena kuti lero palibe kagalasi kamene kangathandize. Anandiphunzitsa kuyamba ndayang'ana madzi ndisanatsegule chikwama: ndi obiriwira motani, dzuwa lili mbali iti, ndikufuna kujambula pamwamba kapena pansi. Pamwamba, osaveka kanthu. Pansi, ka pinki. Dzuwa likhale kumsana.

Kubira kwanga nakonso kunasintha. Anandiwonetsa kutsina mphuno n'kupemerera pang'ono kuti makutu asawawe, ndi kutsika mosapupuluma kuti mpweya ukhalitse. Pofika mu August ndinkafika pansi n'kukhala pa mwala kanthawi, kamera ili m'manja, ndikuwajambula iwo akudutsa pamwamba panga. M'madzi achimwene anali munthu wina. Kumtunda ankayenda mowerama pang'ono, ngati mlendo wosafuna kusokoneza. M'madzi thupi lawo linkawongoka, miyendo ikuyenda mosafulumira, ndipo ankatha kutembenuka osagwedeza ngakhale mchenga.

Tinkakangananso. Pa foni yawo panali pokonzera mitundu vidiyo itajambulidwa kale, ndipo nthawi zonse ankakankhira chithunzi ku buluu. Ine ndinkati abwezere.

"Chonchi ndiye chikukongola," ankatero.

"Chikukongola, koma si kwathu. Madzi athu si a buluu, achimwene."

Tsiku lina tinakangana choncho tili pa mwala. Kenako anayamba kundiuza za nyanja, osati zoseketsa za alendo zimene ankauza anthu kumudzi, koma zina. Anati pansi pa nyanja sipakhala zii ngati m'dziwe muno, pamamveka kuthetheka ngati mafuta ali pamoto, tizilombo ta m'matanthwe tikudya. Anati kuli akamba aakulu ngati chitseko amene amakuyang'ana m'maso n'kupitiriza ulendo wawo. Anati m'mawa madzi akaphwa azimayi a kumeneko amatsika ndi madengu kukatola nkhono, nkhope atapaka zoyera. Ndipo anati pakati pa ophika pa malo awo antchito pali mkazi wina amene amawasungira tiyi m'fulasiki akamatuluka m'madzi.

"Amayi mwawauza?"

"Ndiwauza."

"Ndiye mudzabwerera."

"Akatsegula."

Ndinayang'ana m'madzi. Ndinali nditayamba kuganiza, mopusa, kuti mwina akhazikika, apeza ntchito yoperekeza alendo m'phiri, amanga nyumba kuseri kwa yathu. Ndinavala magalasi n'kubira kuti asandiwone nkhope.

Amayi ankadziwa kumene tinkapita ngakhale sitinkanena. M'mawa wina tikunyamuka anandipatsira kontena ya nyemba za kalongonda, zophikidwa kuyambira dzulo lake. Ndinatenga zimenezo ngati chilolezo, ndipo madzulo ake ndinawauza kuti tajambula ina, yosiyana ndi ija. Anati maso awo atopa. Sindinakakamize.

Panapita masabata. Lamlungu lina titabwera kopemphera, asanavule n'komwe zovala za ku tchalitchi, anakhala pa mpando wa pabalaza n'kunena kwa ine:

"Tandiwonetsa zinthu zakozo. Zikakhala ngati zija uzimitse."

Achimwene anaima pafupi ndi chingwe. Tinasankha imene tinajambula tsiku lowala kwambiri. Inayambira pansi, pa miyala yotuwa, kuwala kukuvina pamwamba pake. Tinsomba tinadutsa. Kenako anabwera achimwene, akusambira chagada, akumwetulira, n'kukweza dzanja. Pambuyo pake kamera inasinthana manja, ndipo ndinawoneka ine nditakhala pa mwala wa pansi, mpango wofiira uli m'manja, ndikuugwedeza ngati munthu wotsazika basi.

Amayi anawerama kutsogolo, zigongono pa mawondo. Itatha anati tibwereze. Itathanso anafunsa:

"Kumawala chonchi kumeneko?"

"Dzuwa likakhala pamutu, eya," anayankha achimwene.

"Si makina anuwa awalitsa?"

"Ayi amayi," ndinatero. "Ndi mmene kulili. N'chifukwa chake tinachedwa, timafuna zifanane."

Anasalaza chitenje pa bondo.

"Ine ndinkayesa kuli mdima. Zaka zonsezi ndinkayesa kuli mdima wokhawokha." Kenako anayang'ana achimwene. "Nanga munthu akakhala kumeneko amamva chiyani?"

Achimwene anaganiza kaye asanayankhe. Anati kumazizira, ndipo phokoso lonse la kunja limatha. Anati thupi limapepuka. Sananame kuti mpweya ukatha sikuwawa, ndipo amayi sanafunse zimenezo.

"Amene ndinalowa naye mu Ruo uja anali mnzanga wa kuchinamwali," anatero amayi. "Ankaopa madzi kuposa ine. Ndine ndinamuuza kuti tilowe."

Anadzuka kukavula zovala za ku tchalitchi, ndipo tinamva akuitana nkhuku kuseri.

Kutatentha, mu October, amayi anatidabwitsa ponena kuti akufuna akawone kumene amuna awo ankatengera ana. Tinayenda pang'onopang'ono, tikupuma pa mthunzi uliwonse. Atafika anaima patali kaye, akuyang'ana miyala iwiri ija. Kenako anavula nsapato, anakhala m'mphepete, n'kuviika mapazi. Anati madziwo ndi ozizira ngati a m'fuliji ya kuchipatala cha Mishoni. Ife tinasambira pafupi, osabira, kuti azitiwona mitu.

Tili pafupi kunyamuka, achimwene anawapatsa magalasi aja mwanthabwala. Amayi anawatembenuzatembenuza, n'kuvula duku. Ndinawathandiza kuvala. Anagwada pa mwala wosaya, dzanja limodzi atandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zizindikiro, n'kugunditsa nkhope pamadzi. Sizinatenge nthawi. Anadzuka madzi akutsika m'masaya.

"Pali nkhanu apo," anatero. "Yaikulu bwino."

Anavula magalasiwo, anavalanso duku, ndipo tinadya nthochi. Sanapitekonso, koma ulendo umenewo anaufotokozera amayi a mvano onse.

Masukulu anatsegulidwa, ine ndinabwerera ku choko. Achimwene anakhalabe miyezi ina, akuthandiza kumunda, mpaka uthenga unabwera kuti alendo ayambanso kufika. Anawauza amayi za mkazi uja, ndipo amayi anangofunsa ngati amapemphera ndiponso ngati ali ndi abale. Polongedza anatenga kamera, poti ndiyo inali khasu lawo, pamodzi ndi kofiira ndi ka olenji. Magalasi amodzi osambirira ndi kagalasi ka pinki anandiikira pa tebulo.

"Kumene ndikupita kalibe ntchito."

"Nanga ine ndikaveka pa chiyani, kamera mwatenga?"

"Usunge. Ndibwera chilimwe chamawa, tidzajambule kumtunda kuja sitinafikeko."

Ndinawaperekeza mpaka ku Limbuli. Linali tsiku la msika, njinga zonyamula matumba a chimanga zili piringupiringu, ndipo sitinathe kutsazikana bwino. Wa njinga yamoto ankawafulumizitsa. Anandigwira paphewa, anakwera, ndipo ndinawawona chikwama chokha chikulowa m'gulu la anthu opita kumalire.

Chilimwe chimenecho sanabwere, kunali ukwati wawo, umene ife tinauwonera pa foni. Chotsatira mkazi wawo anali woyembekezera. Ine ndinkapitabe kudziwe nthawi zina pa holide, ndekha kapena ndi mphunzitsi mnzanga amene ankangokhala pa mwala kundisungira zovala. Ndinkabira, kuyang'ana, n'kubwerako wopanda chowonetsa munthu. Nthawi zina ndinkatenga kagalasi kaja n'kukagwira kutsogolo kwa diso limodzi ndili pansi, kungofuna kuwona miyala ija mmene tinkaiwonera pa kanema.

Kenako kunabwera namondwe uja amene anagumula phiri. Kwathu madzi analowa m'nyumba koma makoma anapirira. Ena sizinawathere choncho, ndipo pa sukulu pathu panagona mabanja ambiri kwa nthawi yaitali. Mafoni atayambanso kugwira ndinapeza achimwene atayesa kuimba kosawerengeka. Nditawaimbira ankangobwereza kufunsa ngati amayi ali pafupi kuti amve mawu awo.

Kudziwe ndinapita patatha miyezi. Njira inali itasowa, ndinachita kufunsa kwa otola nkhuni. Mtsinje unali utatambasuka, mitengo ya m'mphepete itapita, paliponse miyala yoyera yatsopano. Ndinazungulira nthawi yaitali ndisanazindikire kuti ndaima pamalo pake. Mwala umodzi mwa iwiri ija unalipo. Unzake unali utagubuduzikira kumunsi. Pamene panali dziwe panali mchenga ndi miyala, madzi akuyenda pamwamba, ofika m'mawondo. Ndinakhala pansi ndi magalasi anga m'chikwama, osawatulutsa.

Ndinawaimbira ndili pomwepo, poti mitengo itachoka netiweki inkagwira.

"Latha, achimwene. Ladzaza."

"Lonse?"

"Lonse."

Ndinkamva mphepo kumbali yawo, ndi mwana akulira chapatali. Anati mitsinje imakumbanso, mwina pakapita zaka lidzabwerera, kapena padzapangika lina kumtunda. Ndinavomera. Anati ndisataye mavidiyo aja, iwo awo anatayika foni itagwera m'madzi. Madzulo ake ndinawatumizira onse, imodziimodzi, netiweki ikudukaduka.

Amayi tsopano sayenda mtunda wautali. Masiku ena akatopa ndi wailesi amandiuza kuti ndiwaikire "ya nkhanu ija", ndipo amawonera foni ataigwira ndi manja awiri. Achimwene amatumiza mavidiyo a kunyanja, okongola, matanthwe ofiira ndi achikasu, mitundu yonse ili m'malo mwake. Ndimawawonetsa ana a m'kalasi mwanga tikamaphunzira za zamoyo za m'madzi, ndipo amakangana ngati nsombazo ndi zenizeni.

Mwana wawo ndi wamkazi, ndipo sindinamunyamulepo. Wayamba kulankhula, Chipwitikizi ndi chinenero cha amayi ake cha kugombeko. Chichewa sadziwa. Lamlungu achimwene akaimba amamuika pa foni, ine n'kumulonjera, iye n'kumangondiyang'ana chala chili m'kamwa. Koma chinenero chakecho n'chapachibale ndi Chilomwe, ndipo amayi akayamba kumulankhula amachotsa chala n'kuyankha. Amacheza awiriwo, za nkhuku, za chimene wadya, amayi akuseka mpaka kutsokomola. Ine Chilomwe ndimangotolako mawu apa ndi apo. Ndimakhala pambali nditawagwirira foni kuti isagwedezeke, mpaka mkono utatopa, kenako ndimasinthira dzanja linalo.